Mpingo wa Pakati pa Sabata: Pemphero m'Midzi ya Malingunde, Mitundu ndi Nathenje

Kumwera kwa mzinda wa Lilongwe, m'dera lathyathyathya limene limayambira m'tsinde mwa mapiri a Dzalanyama, kudutsa ku Malingunde ndi ku Mitundu mpaka kukagunda msewu waukulu wa M1 pa Nathenje, Chikhristu chatha zaka zoposa 100 chikuzika mizu, ndipo m'zaka zonsezi sipanakhalepo nthawi imene abusa ndi ansembe anali okwanira midzi yonse. Mishoni ya Malingunde, imene amishonale a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa anaikhazikitsa mu 1907, inabwera pambuyo pa Mvera, kumene ntchito yawo inayambira mu 1889, komanso pambuyo pa Kongwe, Nkhoma, Mlanda ndi Mphunzi, ndipo monga zinalili m'malo enawo, inali ndi antchito owerengeka pakati pa midzi yochuluka zedi. Akatolika, amene anamanga mishoni yawo ku Likuni kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ndipo pambuyo pake anatsegula maparishi a Mlale ndi Nathenje, anakumana ndi vuto lomwelo. Munthu wofuna kumvetsa chimene chasunga mipingo imeneyi kuti isazilale sangachipeze pa ulaliki wa Lamulungu pokha, chifukwa mphamvu yake yaikulu ili m'mapemphero a pakati pa sabata, amene akhristu wamba amatsogolera okha m'makomo, m'zipatala ndi pa maliro, mbusa ali kutali.

Mu Sinodi ya Nkhoma ya mpingo wa CCAP, imene inalandira kwa amishonale aja udindo wonse wodziyendetsera yokha mu 1962, mpingo umodzi wa kumudzi sutanthauza tchalitchi chimodzi. Pamakhala tchalitchi chachikulu pamene pali nyumba ya abusa, ndipo mozungulira, mwina pa mtunda woti munthu woyenda pansi amatha maola angapo, pamakhala nyumba za mapemphero, ndiko kuti matchalitchi ang'onoang'ono a nthambi amene amayang'aniridwa ndi akulu a mpingo ndi atumiki. Abusa amafikako mwa kasinthasintha, makamaka kukakhala ubatizo, Mgonero wa Ambuye kapena ukwati, pamene masabata ena onse mkulu wa mpingo, amenenso ndi mlimi ngati anzake, ndiye amatsegula chipembedzo, kupemphera ndi kulalikira. Kwa Akatolika zinthu zili chimodzimodzi, popeza wansembe sangathe kupereka nsembe ya Misa m'matchalitchi onse a parishi tsiku limodzi, kotero kuti katekisiti kapena mtsogoleri wina wosankhidwa ndi akhristu amatsogolera mwambo wa mapemphero wopanda wansembe. Masakramenti amadikira munthu wodzozedwa, koma pemphero silidikira wina aliyense, ndipo n'chifukwa chake ndilo lakhala ntchito ya mpingo imene yafika m'mudzi uliwonse sabata ndi sabata popanda kudukiza.

Amishonale sanapeze anthu osadziwa kupemphera. M'dera lomweli, chakufupi ndi Dzalanyama, ndiko kunali Msinja, kachisi wamkulu wa mvula wa Achewa, kumene kunkakhala Makewana, mayi amene anthu ankakhulupirira kuti amalankhula m'malo mwa Chauta, ndipo ankathandizidwa ndi matsano, atsikana opatulidwira ntchito ya pa kachisipo, komanso ndi Kamundi wa mtundu wa Mbewe. Kukachita chilala, mafumu a kutali ankatumiza nthumwi ndi mphatso ku Msinja kuti akapemphe mvula, ndipo phiri la Bunda, pafupi ndi Mitundu, linalinso malo operekerapo nsembe zoterezi. Kachisi wa ku Msinja anawonongedwa pa nkhondo za Angoni cha m'ma 1870, koma mbiri yake inasungidwa ndi akuluakulu ndipo W.H.J. Rangeley anailemba mu 1952. Chofunika pa nkhani ino n'chakuti m'chipembedzo cha makolo, pemphero linali nkhani ya mudzi wonse: anthu ankasonkhana pa kachisi kapena patsinde pa mtengo, wamkulu mmodzi n'kumalankhula ena akuwomba m'manja, ndipo nsembe isanaperekedwe, amene anali pa chidani ankayenera kuyamba ayanjana, poopa kuti mkwiyo wobisika mumtima ungatsekereze pempho la onse. Chikhristu chinasintha njira, pophunzitsa kuti munthu aliyense, mayi, mwana kapena mlendo, angathe kulankhula ndi Mulungu kudzera mwa Khristu popanda kudzera kwa mizimu ya makolo, koma sichinachotse chikhulupiriro chakuti anthu opemphera pamodzi ayenera kukhala pa mtendere. Mpaka lero, Mgonero ukayandikira, akulu a mpingo amayendera mabanja osemphana mawu kuti awayanjanitse asanafike pa gome.

Nawonso amishonale amene anafika ku Mvera ndi ku Malingunde anachokera mu mpingo umene unali utangodutsa m'nyengo ya chitsitsimutso, ndiko kuti nthawi imene anthu ambiri nthawi imodzi amatsutsika mumtima chifukwa cha machimo awo n'kudzipereka mwatsopano kwa Mulungu. A.C. Murray, amene pamodzi ndi T.C.B. Vlok anatsegula mishoni ya Mvera, anali mwana wa mbale wake wa Andrew Murray, mbusa amene anali ku Worcester pamene chitsitsimutso cha mu 1860 chinabuka m'misonkhano ya mapemphero, amenenso mu 1885 anatulutsa buku lotchuka lophunzitsa kupemphera lotchedwa With Christ in the School of Prayer. Bungwe la abusa limene linasonkha ndalama zoyambira ntchito m'dziko muno linakhazikitsidwa mu 1886, ndipo Andrew Murray yemweyo anali mmodzi mwa atsogoleri ake. Mpingo wawo unalinso ndi chizolowezi chosonkhana kupemphera masiku 10 a pakati pa tsiku lokumbukira kukwera kumwamba kwa Yesu ndi tsiku la Pentekoste. Sizodabwitsa tsono kuti pa mishoni iliyonse tsiku linkayamba ndi mapemphero a m'mawa, ndipo misonkhano ya chitsitsimutso imene mipingo ya Sinodi ya Nkhoma imachititsa m'chilimwe, anthu atakolola, pamene midzi ingapo imasonkhana pabwalo kwa masiku angapo kumva Mawu ndi kupemphera, ndi mbewu imene inafesedwa kuyambira nthawi imeneyo.

Koma amene anafikitsa pemphero lachikhristu m'midzi sanali azungu a pa mishoni. Abusa oyamba achikuda a mpingo umenewu, Namon Katengeza ndi Andreya Namkumba, anadzozedwa mu 1925, patapita zaka 36 chitsegulire Mvera, ndipo m'zaka zonse za pakatipo, munthu amene ankaimirira pamaso pa anthu m'mudzi kuti apemphere anali mphunzitsi wa sukulu ya mishoni. Kanyumba kaudzu kamene ana ankaphunziramo kuwerenga pakati pa sabata ndi komweko kamene kankasanduka tchalitchi Lamulungu, ndipo mphunzitsi yemweyo ndiye ankaphunzitsa a m'kalasi, amene ndi anthu okonzekera ubatizo, Pemphero la Ambuye ndi Malamulo Khumi. Pamene Buku Lopatulika, limene ntchito yolimasulira inatsogozedwa ndi William Murray, linatuluka mu 1922, linapatsa akhristu mawu opempherera m'chinenero chawo, ndipo aliyense womvetsera bwino mkulu wa mpingo wokalamba akupemphera ku Malingunde lero amamva mmene Masalimo ndi makalata a Paulo analowerera m'malankhulidwe ake, ngakhale mkuluyo sanapite patali ndi sukulu. Buku la Nyimbo za Mulungu linachitanso chimodzimodzi, popeza nyimbo zambiri za mmenemo ndi mapemphero oimba, ndipo kabuku ka Mlozo, kamene Sinodi imasindikiza kosonyeza ndime yowerenga tsiku lililonse, kanapangidwa kuti banja lizitha kupemphera palokha madzulo popanda mlaliki.

Malo amene zonsezi zimaonekera bwino ndi mlaga, kagulu ka mabanja achikhristu oyandikana nyumba, kamene kamakumana tsiku limene anapangana, kawirikawiri Lachitatu masana anthu ataweruka kumunda, ndipo kamasinthasintha khomo lokumanirapo. Mwini khomo amasesa pabwalo, amayala mphasa za amayi pansi pa mtengo wa mango kapena pakhonde, n'kubwereka mipando ingapo ya abambo. Mkulu wa dera amafika pa njinga, Baibulo lake atalikulunga m'pepala la pulasitiki kuopa mvula ndi fumbi, ndipo nyimbo ikayamba, imayamba ndi anthu ochepa, ena n'kumalowerera akufika, wina mwana ali kumbuyo, wina matope a kudimba adakali kumapazi. Akawerenga Mawu ndi kuwafotokozera mwachidule, wotsogolera amafunsa ngati pali zofuna kupempherera, ndipo apa ndi pamene mudzi umadziwira za moyo wake: gogo wakuti wagona masiku angapo osadya, mwana wa uje akulemba mayeso a Sitandade 8, mnyamata amene anapita ku Joni wasiya kuimba foni, banja lakuti fodya wawo sanayende bwino ku okushoni ndipo ngongole ya feteleza ikuwadikira. Kenaka anthu awiri kapena atatu amapemphedwa kuti apemphere, ndipo amatchula anthuwo mmodzimmodzi, onse atawerama. Pomaliza mbale imayenda, ndipo tindalama timene tagweramo nthawi zambiri timatsalira pa khomo pomwepo kapena timapita kwa wodwala uja.

Kufunika kwa msonkhano wooneka wamba chonchi n'kwakuti dzina likatchulidwa m'pemphero pamaso pa anthu, limasanduka ngongole kwa onse amene avomera kuti ameni. Munthu amene wapempherera gogo wodwala Lachitatu sangadutse pa khomo la gogoyo Lachinayi osapatuka, ndipo akadutsa, anzake amamuona. Mwa njira imeneyi pemphero la pamodzi limabala ntchito zimene palibe komiti imene ikanazilamula: wina amakatunga madzi, wina amapereka kambale ka ufa, achinyamata amakafolera denga lodontha, wina amabwereketsa njinga kapena ngolo yotengera wodwala ku chipatala cha Mitundu, cha Mlale kapena cha pa mishoni ya Malingunde. Anthu ena ophunzira amaona mapemphero a kumudzi ngati njira yothawira mavuto, koma kuganiza kotero n'kusayang'anitsitsa, chifukwa m'midzi imene mulibe inshuwalansi, ndipo thandizo la boma limafika mwa apo ndi apo, mlaga ndiwo umayamba kudziwa amene wagwa, ndipo ndiwo umayamba kumudzutsa. Ngakhale sukulu ya ana osaona imene ili pa Malingunde ndi chipatala cha Nkhoma, chimene chinayamba mu 1915, zinachokera m'chikhulupiriro chomwechi chakuti wopempherera wovutika ayeneranso kumugwira dzanja.

Ziphunzitso za mipingo iwiri ikuluikulu ya m'derali zimaika pemphero pamalo apamwamba, ngakhale zimafotokoza mosiyana. Katekisima wa Heidelberg wa mu 1563, amene ndi chimodzi mwa zivomerezo za chikhulupiriro zimene Sinodi ya Nkhoma inalandira kuchokera ku mpingo wa Dutch Reformed, amaika pemphero m'gawo lake lomaliza, lonena za kuthokoza, ndipo amaphunzitsa kuti kupemphera ndiyo mbali yaikulu ya chiyamiko chimene munthu wopulumutsidwa amapereka kwa Mulungu. Tanthauzo lake n'lakuti pemphero si malipiro ogulira chisomo, koma yankho la munthu amene walandira kale. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa mu 1992 anapatula gawo lake lonse lachinayi kuti likhale la pemphero, ndipo mabuku onse awiriwa amatsiriza ndi kufotokoza Pemphero la Ambuye, limene lili m'mawu a anthu ambiri, osati a munthu mmodzi. Kumudzi chiphunzitso cha kuthokozachi chimaoneka ndi maso pa nthawi ya masika, pamene akhristu amabwera ku tchalitchi ndi matumba a chimanga, mtedza, soya, nkhuku ngakhale mbuzi, n'kuziika kutsogolo kuti zipemphereredwe, ndipo m'mipingo yambiri ya kumudzi zopereka za nyengo imeneyi ndizo zimayendetsa ntchito kwa miyezi yambiri yotsatira.

Palibe angalembe za pemphero m'dera lino osatchula amayi, chifukwa pa msonkhano uliwonse wa mapemphero iwo ndiwo amachuluka. Chigwirizano, bungwe la amayi la Sinodi ya Nkhoma, chinayamba mu 1940, ndipo pa Malingunde pomwepo pali malo a Sinodi ophunzitsirapo amayi ntchito za mpingo ndi za pakhomo. Amayi a Chigwirizano, amene amadziwika ndi malaya oyera ndi duku loyera, amakumana kuphunzira Mawu ndi kupemphera, amayendera odwala, okalamba ndi ofooka m'chikhulupiriro, ndipo ena mwa iwo ndi alangizi amene amaphunzitsa atsikana pa chilangizo, mwambo umene mpingo unaika m'malo mwa chinamwali cha makolo. Isabel Apawo Phiri, m'buku lake la mu 1997 lofotokoza za amayi Achichewa mu mpingo umenewu, anaonetsa kuti amayi amene m'chipembedzo cha makolo ankatha kukhala ndi udindo waukulu ngati wa Makewana, mu mpingo anapezeka kuti kwa zaka zambiri sankaloledwa maudindo olamulira, ndipo ngakhale pa misonkhano yawo pankakhala mkhalapakati, mkulu wa mpingo wamwamuna woimira bwalo la akulu. Komabe m'pemphero amayiwa anapeza malo amene palibe akanawalanda. Mayi amene sakanaloledwa kukwera pa guwa ankatha kuimirira pakati pa anzake n'kupemphera mwa mphamvu yoti onse omva ankadziwa kuti akumva mtsogoleri, ndipo mpingo umene umadalira mapemphero a amayi otere uyenera kumadzifunsa moona mtima ngati ukuwamvera mokwanira pamene ukupanga ziganizo.

Kumbali ya Akatolika, dongosolo lofanana ndi mlaga ndi mphakati, ndipo mbiri yake inayambira mu dayosizi ya Lilongwe momwemuno. Patrick Kalilombe, amene anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972, anaitanitsa sinodi yaing'ono imene inachitika kuyambira 1973 mpaka 1975, ndipo inagamula kuti maziko a mpingo akhale timagulu ta mabanja oyandikana, tokumana kupemphera, kugawana Mawu a Mulungu ndi kuthandizana, m'malo modikira wansembe pa chilichonse. Maepiskopi a m'maiko a kum'mawa kwa Africa, kudzera m'bungwe lawo la AMECEA, anavomereza njira imeneyi kukhala yotsogola pa ntchito yawo mu 1976. Boma la Kamuzu Banda linakayikira timaguluti, poona kuti anthu akukumana m'midzi kunja kwa dongosolo la chipani, ndipo Kalilombe anakakamizika kutuluka m'dziko m'chaka chomwecho cha 1976. Nkhani imeneyi ikusonyeza kuti ngakhale olamulira anazindikira kuti anthu opemphera pamodzi amaphunzira kulankhula, kusankha atsogoleri awo ndi kusunga thumba lawo. Miphakati inapitirira, ndipo lero m'maparishi a Mlale ndi Nathenje, monga kwina konse, ndi mmene mumachitikira mapemphero a kolona m'miyezi ya Meyi ndi Okutobala, ndipo munthu wofuna ubatizo wa mwana kapena ukwati amayamba wadziwika kaye kumeneko.

Pa maliro ndi pamene pemphero la mpingo limayesedwa kwambiri, ndipo m'dera limene Gule Wamkulu ali ndi mphamvu ngati lino, ndi pamenenso pamaonekera kuti womwalirayo anali wa mbali iti. Uthenga ukangomveka, amayi a mpingo amalowa m'nyumba ya siwa kukakhala ndi ofedwa, abambo amasonkha moto panja, ndipo usiku wonse nyimbo, mapemphero ndi maulaliki afupiafupi zimasinthana mpaka kucha, makwaya a mipingo yosiyanasiyana akulandizana. Nthawi zambiri abusa amafika tsiku loika, ndipo mwina safika n'komwe ngati kuli maliro ena kudera lina, kotero kuti usiku wautali uja, umene ndi nthawi yowawitsa kwa namfedwa, umakhala m'manja mwa akhristu wamba. Kale mishoni ndi eni dambwe ankalimbana kwambiri, makamaka pa nkhani ya ana opita ku sukulu ndi ya maliro, ndipo mpaka pano mipingo imaletsa akhristu ake kulowa gule, koma m'mudzi umodzi anthu a mbali ziwirizi ndi pachibale, amakumba manda limodzi ndipo amakhala pa maliro a wina ndi mnzake. Ambiri amene analowa mpingo atakula amanena kuti chimene chinawakoka ndi mmene anaonera akhristu akuchezera ndi kupempherera mbale wawo, osati mtsutso wa ziphunzitso. N'chifukwa chakenso chilango chimene anthu amachiopa kwambiri ndi chakuti mpingo usadzaimbe pa maliro awo.

Pempho lakale la ku Msinja silinathe, langosintha malo. Mvula ikachedwa mu Disembala kapena ikadula mu Januwale chimanga chikufuna kumasula, mipingo imaitanitsa mapemphero apadera, ndipo nthawi zina mipingo yosiyana imasonkhana pabwalo limodzi mafumu ali pomwepo. Okalamba amakumbukira zimene makolo awo ankasimba za njala ya 1949, ambiri anaona ndi maso njala ya 2002, ndipo mu Malichi 2024 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Kwa mlimi amene chakudya chake chonse chimadalira mvula ya miyezi inayi, kupempha mvula si mwambo chabe. Koma dera la Malingunde lili ndi phunziro lake pa nkhaniyi, chifukwa pomwepa ndi pamene pali madamu awiri a Kamuzu pa mtsinje wa Lilongwe, loyamba la mu 1966 ndi lachiwiri la mu 1989, amene amamwetsa mzinda wonse wa Lilongwe, ndipo madzi ake amachokera m'nkhalango ya Dzalanyama, imene yadulidwa kwambiri ndi ootcha makala mpaka boma linafika potumizako asilikali kuti akailondere. Ena mwa amene amakankha njinga za makala usiku kupita mumzinda ndi akhristu omwewo amene amagwada kupempha mvula, ndipo amatero chifukwa cha umphawi, osati chifukwa chosaopa Mulungu. Mpingo umene umatsogolera mapemphero a mvula uli ndi udindo wonena poyera kuti kupempha madzi kwa Mlengi kumayendera limodzi ndi kusamala nkhalango imene imasunga madziwo, ndiponso wothandiza mabanja amenewa kupeza njira ina yopezera ndalama.

Phiri la Bunda, limene limayang'ana sukulu ya zaulimi ya LUANAR, lasanduka malo otchuka a mapemphero achikhristu, ndipo likuonetsa mtundu wina wa kupemphera umene wakula kuyambira pamene magulu a obadwanso mwatsopano ndi mipingo ya Chipentekoste inayamba kufala m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Anthu amachokera ku Mitundu, ku Nathenje ndi mumzinda, atanyamula botolo la madzi, chitenje chofunda ndi Baibulo, n'kukwera thanthwe lotsetserekalo kukasala kudya, ena tsiku limodzi, ena masiku angapo. Pamwamba pake munthu amapeza timagulu tikuimba, ndi anthu ena payekhapayekha, wina atagwada kuyang'ana kum'mawa, wina akuyendayenda akufuula, wina atagona chafufumimba pa mwala akulira. Zimene amapempha n'zodziwika: ntchito, ana, banja, machiritso, chitupa cholowera m'dziko lina, kumasulidwa ku zimene amakhulupirira kuti ndi ufiti kapena matemberero a ku mtundu. Ena mwa iwo Lamulungu amapezeka m'matchalitchi a CCAP ndi a Katolika, ndipo kukwera kwawo phiri kukunena chinthu chimene mipingo yakaleyi iyenera kuchimva mosanyoza, chakuti pali zowawa zina zimene anthu saona mpata wozitulutsira m'chipembedzo cha dongosolo, mmene pemphero limakhala la munthu mmodzi ena onse ali chete. Kupita pa malo a chete kukapemphera ndi chinthu chimene Mauthenga Abwino amasimba kuti Yesu mwini ankachita, ndipo palibe cholakwa pa icho.

Choopsa chili pena. Pamene pemphero lachoka pakati pa anthu odziwana n'kupita kwa munthu mmodzi amene amadzitcha mneneri, amene amati pemphero lake ndi lamphamvu kuposa la ena ndipo amalandira ndalama, madzi odalitsa ndi mafuta n'kukhala malonda, chinthu chimene Chikhristu chinabweretsa m'dera lino, chakuti aliyense angathe kufika kwa Mulungu popanda mkhalapakati wolipidwa, chimayamba kutayika. Pemphero lotere limaphunzitsa munthu kuona mnansi wake ngati mdani amene akumutsekera mwayi, ndipo m'midzi mmene okalamba amanamiziridwa ufiti, mawu a mneneri oloza gogo wa m'banja angathe kuphetsa munthu wosalakwa. Achipatala akhala akudandaulanso za odwala amene amasiya kumwa mankhwala otalikitsa moyo atauzidwa kuti achira, n'kubwerera ku chipatala matenda atakula. Kusiyana kwa mapemphero awiriwa sikuli pa kufuula kapena kukhala chete, kapenanso pa phiri ndi tchalitchi, koma pa chimene chimatsatira: pa mlaga ndi pa mphakati, wopempherera wodwala ndi yemwe amamuperekeza ku chipatala ndipo adzakhalapo pa maliro ngati zitavuta, pamene wogulitsa pemphero sadziwa n'komwe kumene wodwalayo amakhala.

Mliri wa Covid-19 unayesa dongosolo lonseli mosayembekezeka. Pamene Pulezidenti Peter Mutharika analetsa misonkhano ya anthu oposa 100 mu Malichi 2020, matchalitchi akuluakulu anayenera kugawa mapemphero awo kapena kuchepetsa anthu, ndipo a mumzinda anathamangira ku Facebook ndi WhatsApp, njira zimene anthu ambiri a kumudzi sakanazikwanitsa chifukwa cha mtengo wa mafoni ndi wa intaneti. Kumudzi chimene chinathandiza ndi wailesi, monga Radio Alinafe ya arkidayosizi ya Lilongwe, Radio Maria, Trans World Radio ndi wailesi ya Sinodi ya Nkhoma, pamodzi ndi timagulu tija timene tinali kale tating'ono ndipo tinkakumana kale panja. Mipingo imene milaga ndi miphakati yake inali yamoyo sinavutike kwambiri kupitiriza, chifukwa inali ndi anthu ozolowera kutsogolera pemphero popanda mbusa.

Nkhawa imene akulu a mipingo amaitchula kawirikawiri masiku ano ndi ya amene adzalandire ntchitoyi. Pa mapemphero a pakati pa sabata pamachuluka amayi ndi okalamba, pamene abambo ambiri amakhala ali ku msika wa Mitundu, ku maganyu kapena pa kabaza, ndipo achinyamata amene amadzaza makwaya Lamulungu saoneka Lachitatu, ena chifukwa ali ku sukulu, ena chifukwa anasamukira ku Area 36, ku Chinsapo kapena ku South Africa. Kupemphera pagulu ndi luso limene munthu amaphunzira pomva ena ndi popatsidwa mpata, ndipo mwana amene sanamvepo bambo ake kapena mayi ake akupemphera mokweza pakhomo savomera msanga akapemphedwa kutsekera msonkhano. Sinodi ili ndi malo ophunzitsira atsogoleri osadzozedwa ku Chongoni, otchedwa dzina la Namon Katengeza, ndipo maphunziro a kumeneko ndi a ku Malingunde amathandiza, koma sangafikire mlaga uliwonse. Mipingo ina yayamba kusuntha nthawi ya mapemphero kuti igwirizane ndi anthu ogwira ntchito, ina ikupatsa achinyamata sabata yawo yotsogolera, ndipo m'nyumba zina za mapemphero akulu amasankha dala mnyamata kapena mtsikana wa m'kalasi kuti apemphere pa mlaga, ngakhale mawu ake atakhala ochepa ndi onjenjemera, n'cholinga choti pofika nthawi imene adzasankhidwe kukhala mtumiki kapena mkulu wa mpingo adzakhale atazolowera kale kuimirira pamaso pa anthu a m'mudzi mwake.